Mfuti za Achisuti

Pamene Neide ankatulukira kuseri kwa nyumba, azakhali ake a Olinda anali atathana nacho kale chimbale choyamba, ndipo chachiwiri chinali pabondo. Ankachikwecha ndi phulusa losakaniza ndi mchenga, mozungulira, modekha, monga amakwechera kunsi kwa poto. Pambali pawo panali beseni la madzi a mankhwala, ndipo pachingwe panali patayanikidwa kale malaya a malemu, lamba ndi chisoti.

Neide sanakuwe. Anagwada, natola chimbale chimene chinkauma pamwala, nachipendeketsa padzuwa. Mbali ija inkawala ngati mamba a matemba inali itatuwa mbuu.

"Zala za bambo ako zinali mbwee pamenepa," anatero a Olinda osadzutsa mutu. "Ndinayamba ndi madzi okha, koma ukachipendeketsa zimaonekabe. Chinthu cha wakufa sichibwerera m'nyumba chili ndi zala zake."

Munthu wotere ungamukalipire bwanji? A Olinda anayenda wapansi kuchokera kunyanja ya Chiuta atangomva kuti mlongo wawo Efraimu watisiya, ndipo chifikireni anali asanakhale pansi. Mwambo wotsuka katundu wa malemu ankaudziwa kuposa aliyense, ndipo ankauchita ndi mtima wonse chifukwa mlongo wawoyo ankamukonda. Kungoti makolo ankaika mwambowo kulibe zimbale za kompyuta.

Efraimu anasiya mkazi wake Luisa, mwana mmodzi yekhayo Neide, nyumba, ndi chinyumba cha kanema chimene anachimanga chophatikiza kukhoma kwa nyumbayo, chapafupi ndi siteshoni ya sitima pa Entre Lagos. Anachiyamba patapita zaka zingapo atabwerako ku Malawi kothawa nkhondo. Anzake oonetsa kanema ankasinthasintha, lero karate, mawa mpira. Iye ayi. Mtima wake unakakamira pa kazitape mmodzi wachizungu, uja wa mafilimu osawerengeka, amene nkhope imasintha zaka zikamapita koma suti ndi yomweyo. Efraimu anamutcha Achisuti, ndipo dzinalo linafika mpaka kwa asodzi a ku Amaramba. Ankakhala pakampando kutsogolo, maikolofoni kukamwa, n'kumamasulira m'Chinyanja zimene Achisuti akunena, kuphatikizapo zambiri zimene Achisuti sanalotepo n'komwe kunena.

Chitsime cha nzeru zakezo chinali zimbale ziwirizi. Anazigula pamodzi ndi kompyuta yakutha kwa munthu wina wodutsa pamalire. Zinali ngati buku lalikulu lonena za Achisuti okha basi: ukadina apa ikubwera nkhani ya filimu iliyonse, apa magalimoto awo, apa adani awo ndi zipsera zawo, apa akazi amene anawanamiza, zonse ndi zithunzi zoyenda ndi mawu. Luisa sanasuzumirepo ngakhale kamodzi. Kompyutayo ankaitchula kuti mkazi mnzake, mkazi wosaphika, wosachapa, koma wodya nthawi yonse ya mwamuna. Malo a Luisa anali panja, pakhomo pa chinyumbacho, pomwe ankakazinga mandasi ndi kulandira za olowa. Banja linkadyera pamenepo.

Tsiku lotsatana ndi la maliro, a Kondwelani, mkulu wake wa Efraimu, anayamba kuyendayenda m'chinyumbamo akuyang'ana kudenga. Iwo amagula chimanga ku Chiuta n'kumachikweza sitima, ndipo mosungira pafupi ndi siteshoni ankamusowa kuyambira kale. Malata a padengapo anagula ndi iwo, ndipo sanaiwale. Sanali munthu woipa, koma anali wa mtundu uja woti akaona malo opanda kanthu amaona matumba. Anauza Luisa kuti nyumba ndi yake, palibe amene angamusunthe, ndipo chaka ndi chaka adzamupatsako chimanga chakudya.

"Koma chinyumbachi, alamu, chinali pakamwa pa Efraimu," anatero. "Pakamwapo tapakwirira dzulo."

Luisa anakwiya. Kukhala mkazi wodikira thumba la chimanga kuchokera kwa alamu, iye amene wakhala akudya thukuta lake zaka zonsezi? Asanayankhe, Neide anaimirira. Anati iye Chingerezi anachiphunzirako ku sukulu ku Cuamba, ndipo zonse zimene bambo ake ankadziwa zili m'zimbale. Akawerengamo, adzamasulira ndi iye. A Kondwelani anaseka pang'ono, osati monyoza kwenikweni. Anagwirizana motere: makina asayatsidwe mpaka mwambo wa kusesa utatha, pakuti panyumba ya maliro sipalira zosangalatsa. Tsiku lotsatira lake linali la msika, ndipo Neide adzaonetsa filimu imodzi. Anthu akakhala mpaka pamapeto, chimanga chidzapita kwina.

Tsopano kusesa kunali kutatha, ndipo zimbale zinali zoyera monga mwambo umafunira. Neide analowetsa choyamba m'kompyuta. Makinawo anabuula, nabuulanso, nachilavula. Chachiwiri chimodzimodzi. A Olinda anaima pakhomo akupukuta manja pachitenje, akudikira kuyamikiridwa. Neide atawafotokozera kuti zonse zinali zolembedwa pambali yowala ija, anafunsa kawiri kuti zinalembedwa pati, popeza iwo sanaonepo chilembo. Atamvetsa, anafunafuna pokhala, nakhala pansi pomwepo pakhomo.

Chimene chinadabwitsa Luisa n'chakuti amene analira anali iye mwini. Tsiku la maliro analira monga wamasiye amalirira, anthu akumugwirira. Apa analira yekha, kulirira mkazi mnzake amene anamuda zaka zonse. A Kondwelani anati madzi akatayika saoleka, ndipo palibe chifukwa chovutitsira mwana pamaso pa anthu, nkhaniyi ingothera pomwepa. Luisa anapukuta maso nati kanema aonetsedwa, ngakhale Neide akangoima duu ngati mtengo.

Masana a tsiku la msika anthu anabwera ndithu. Ena anabwera kudzapepesa, ena kudzaona mwana wamkazi akuchita manyazi, ndipo njinga za asodzi zinatsamira khoma lonse zikununkha nsomba. A Waziri, mkulu wogulitsa nsomba za makumba amene chiyambire sanaphonyepo Achisuti pa tsiku la msika, anakhala pamalo pawo pabenchi lakutsogolo. A Kondwelani anakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko, kuti aone bwino otuluka. Neide anatseka mazenera ndi ziguduli, nasankha filimu imene inali pamwamba pa mulu. Pakampando ka bambo ake sanakhalepo. Anaima pambali pake.

Poyamba Chingerezi cha m'filimu chinkathamanga kuposa cha aphunzitsi a ku Cuamba. Kenako anasiya kuchithamangitsa. Achisuti atalowa m'chipinda cha bwana wawo, Neide anawalankhulitsa kuti, "Pepani bwana ndachedwa, komboyo, sitima ya ku Cuamba ija, mukuidziwa." Chinyumba chonse chinaphulika ndi phwete. Luisa panja anamva kusekako, mtima unakhala m'malo, ndipo anaponya mandasi ena m'mafuta.

Kenako mfuti zinalira.

Sizinalire ngati za m'kanema. Masipika a Efraimu anali aakulu, ndipo malata anawonjezera zawo. Phokoso linaboola khoma ngati kuti asilikali ali kuseri kwa chitseko. Luisa sanadziwe mmene anachokera pampando. Anangopezeka ali chafufumimba m'ngalande ya pakhomo, manja ali kumutu, mafuta akuyenderera pafumbi. Sanalinso pa Entre Lagos. Anali mtsikana m'bango la ku Amaramba, madzi ali m'khosi, akumva mfuti kumudzi kumene anasiya mayi ake ndi kamlongo kake. Awiriwo sanawaonenso. Amene anamuvuula m'bangomo, namukweza m'bwato lopita ku Malawi, anali anyamata awiri apachibale, Kondwelani ndi mng'ono wake Efraimu.

A Kondwelani anasuzumira panja, naona mlamu wawo ali m'ngalande. Sanapite kukamudzutsa, a Olinda anali atafika kale. Analowa m'kati, akuponda mapazi a anthu, mpaka kutsogolo, nafufuza ndi dzanja pa makina, napotokola kabatani ka mawu. Phokoso linazima. Achinyamata amene ankaimba mluzu anadandaula, koma akuluakulu angapo anali akudzuka pansi pa mabenchi, osayang'anana.

"Mfuti za Achisuti sizinalirepo chonchi," anatero a Waziri, mawu ali ochepa. "Zaka zonsezi ine ndinkati mfuti za azungu n'zaulemu."

Filimu inkapitirira, ndipo anthu ankafuna kumva nyimbo ndi kulira kwa magalimoto. A Kondwelani anakhala pakampando ka mng'ono wawo, dzanja lili pa batani, n'kumakweza pakakhala bata, n'kumatsitsa mfuti zikayamba. Koma iwo sankadziwa pamene mfuti iyambire. Ankadikira kuimva kaye. Nthawi zonse chipolopolo choyamba chinkawapulumuka, nthawi zina ndi chachiwiri chomwe, ndipo thukuta linkatsika m'khosi mwawo ngati akusenza matumba. A Olinda anachonderera Luisa kuti apite kwa aneba mpaka zithe. Iye anakana. Anakhala chotsamira khoma, ndipo chipolopolo chilichonse chopulumuka chinkamudzidzimutsa mapewa.

Palibe anatuluka mpaka pamapeto. Potuluka ambiri anamugwira dzanja Neide, ndipo a Waziri anamuuza kuti pakamwa pa bambo ake sipanapite ponse kumanda. Njinga zitatha pakhoma, anatsala anayi m'chinyumbamo, ziguduli zitachotsedwa, fumbi likuuluka m'kuwala kwa dzuwa.

A Kondwelani anaimirira pakampando paja akuwongola msana. Anati mawu ndi mawu, anthu akhala mpaka pamapeto, chimanga akafunira malo kwina. Ananena mosawawidwa mtima, ndipo Neide anayang'ana mayi ake akumwetulira koyamba chichitikireni maliro. Luisa sanamwetulire. Kanali koyamba kulowa m'chinyumbamo makina ali oyaka, ndipo maso ake anali pa mulu wa mafilimu.

"Ndi iyi yokha ili ndi mfuti chonchi?"

"Zonse, amayi," anayankha Neide. "Zina zimaposa pamenepa."

Kenako anafotokoza zimene nayenso anali atangozimvetsa masana omwewo. M'zimbale zija munali mbali ya mfuti zokhazokha, yonena kuti iyi ikulira mu filimu yakuti, pamalo akuti. Tsiku loonetsa lisanafike, bambo ake ankatsegula mbali imeneyo, n'kuvala zomvera m'makutu, n'kumaonera filimuyo okha, kubwereza ndi kubwereza, dzanja lili pa batani. Iye ankangoti bambo amakonda mfuti. Anati mayi asadandaule, zimbale zapita koma mafilimu alipo, naye adzavala zomvera m'makutu zija mpaka dzanja lake lizolowere.

Luisa anayang'ana zomverazo, zili pa msomali, zoyera, nazonso zotsukidwa. Anamva chisoni chimene sichinafanane ndi cha tsiku la maliro, chosakanikirana ndi manyazi.

"M'bango muja sindinalimo ndekha," anatero. "Efraimu nayenso anazimva tsiku lija. Ndiye kuti ankazithira m'makutu mwake zonse kuti zisafike kwa ine." Anatembenukira kwa Neide. "Iwe unabadwa kuli mtendere. Makutu akowo sindikupatsa ntchito imeneyo."

Neide anayamba kutsutsa. Anatchula za chakudya, za mandasi, za anthu amene aseka lero. Zonse zinali zoona, ndipo Luisa ankadziwa bwino lomwe chimene akutaya.

"Alamu," anatero, "bweretsani chimanga chanu."

A Kondwelani anatenga chisoti chawo natuluka, ndipo a Olinda anawatsatira. Neide anazimitsa makina, nayamba kukulunga mawaya pang'onopang'ono, akupukuta mphuno ndi kuseri kwa dzanja. Anali wokwiya, ndipo mayi ake anamusiya akwiye. Patapita kanthawi anafunsa, osatembenuka, kuti nanga zaka zonsezo ali pakhomo paja, mfuti zikafika ankamva chiyani.

Luisa anaganiza. Nyimbo inkazima mwadzidzidzi, inde. Kenako kunkabwera mawu a Efraimu pa maikolofoni, ndipo anthu ankaseka. Anasonkhanitsa milomo monga mwamuna wake ankachitira, natulutsa kampweya kochepa, kosakwana kuzimitsa nyali.

"Phu. Phu," anatero. "Ine ndinkangoti bambo ako sakula."