Make Sofiya

1.
Ubweyawu wazula yekha?
Yekha, ndi mano. Pachifuwa ponse payera.
Papita masiku angati chimukwerereni wamphongo?
Masiku 17.
A Chikopa, alangizi a ziweto, anapisa dzanja m'khola n'kugwiragwira mimba ya Sofiya, kalulu wathu wamkazi. Kenako dzanjalo analipukutira pa ovolosi.
Mayi, umu mulibe kanthu.

2.
Pakhomo pano tilipo awiriawiri. M'nyumba, ine Esinati ndi amuna anga a Fanuwelo, zaka zisanu ndi chimodzi. M'khola, Sofiya ndi Bwanamkubwa, miyezi isanu. Ku koleji ndinaphunzira masamu ovuta, koma samu ya pakhomo pano ndi ya sitandade wani. Tinali anayi. Tikadali anayi.

3.
Mkazi wapabanja amaitanidwa ndi dzina la mwana wake. Azimayi a pampopi anadikira, anadikira, mpaka anandipezera okha mwana.
Mwaswera bwanji make Sofiya, mwana wadya kale masamba?
Ndimayankha. Choipa chake n'chimenecho, ndimayankha.

4.
Za m'chisa cha Sofiya:
udzu wouma
makoko a chimanga
ubweya wa pachifuwa
tizidutswa ta pepala

Za m'sutikesi yanga, pansi pa bedi:
zitenje zinayi zosavala
matewera ansalu
kachipewa koluka ndekha
beseni linakana kulowa

Chaka chatha mwezi unandidumpha kawiri. Mabere anatupa, fungo la usipa linkandisanzitsa. Namwino anayendetsa kamakina pamimba panga, maso ali pa galasi.
Mayi, umu mulibe kanthu.

5.
Thupi la kalulu silichedwa kukhulupirira mayi, anatero a Chikopa, akangomukwera basi mazira amatsika kaya wamphongoyo alibe mbewu kaya womukwerayo ndi wamkazi mnzake thupi limangoti zatheka mabere amatupa mkaka umabwera amayamba kulusa n'kumatola udzu ndi pakamwa koma wa bere lenileni amamanga chisa cha m'ma masiku 30 uyu wafulumira ndiye zimenezi zizizira zokha koma mukawasiya khola limodzi zibwereza n'kubwereza mpaka ubweya umuthere, tabweretsani wamphongoyo timutembenuze

Anamutembenuza. Anaseka pang'ono, ataona nkhope yanga analeka.
Uyutu anamuthena kalekale. Amene anakugulitsani sanakuuzeni?

6.
Lolemba alamu anga a Naliyela, achemwali awo a Fanuwelo, anaimba foni. Akuti ankhoswe akumana Loweruka. Akuti palibe amene akudana nane, koma achimwene awo sangakalambe opanda womusiyira dzina, ndipo ku Mponela kuli mtsikana wakhalidwe labwino amene wavomera kale. Mawu oti chumba sanawatchule. Anangoti, vuto lanu mukulidziwa nokha, alamu.
Foni inali yokweza. A Fanuwelo anali pomwepo pakhonde, akuduladula kholowa wa akalulu. Mutu sanadzutse.

7.
Iwe Sofiya, wakunamiza ndani, thupi lako kapena mnzako wogona naye? Ukundiluma chifukwa ndikupasula chisa. Luma. Alangizi ati tikulekanitseni, tiike waya pakati.
Pakati.
Anzathu akati ali ndi pakati amagula matewera. Iwe ndi ine pakati pathu ndi pa waya.

8.
Tizidutswa ta pepala tija.
M'nyumba ndimasesa paliponse, ngakhale pamwamba pa kabati. Kukhola kokha a Fanuwelo sandilola, amati anakhoma okha ndipo amakonza okha. Kuseri kwa thabwa la kabokosi kogonamo kuli mpata. Sofiya, posaka zoyalira ana ake, anasololamo envulopu n'kuitafuna.
Ndinayala tizidutswato patebulo. Tinalipo 23. Kuyambira ndili mwana ndimakonda kulumikiza zinthu zong'ambika, ndipo izi sizinanditengere ola.
Chidindo cha chipatala.
Dzina lonse la a Fanuwelo.
Deti la zaka zitatu zapitazo.
Mawu aatali achingerezi, ndipo pansi pake dokotala analemba pamanja kuti mwini wake amve bwino: mbewu mulibe.

9.
A Fanuwelo afika kuchokera kuntchito, mtolo wa kholowa uli m'khwapa. Aona tebulo. Aima pachitseko, kulowa ayi, kubwerera ayi.
Mawa ndi Loweruka. Sutikesi ndaikokera pabalaza, ili yotsegula. Kaya ndikulongedza kaya ndikukhuthula, inenso sindikudziwa. Panja Sofiya wayambanso kutola udzu.
Bambo, zaka zitatu zonsezi mwakhala mukundiperekeza kwa asing'anga. Ndikamamwa mizu yowawa ija, inu mumandigwirira chikwama.
Kholowa akugwa pansi tsamba limodzilimodzi.
Chumba ndani m'nyumba muno?