Usipa Khumi wa Marcos

Amayi Yuniya sanapite kusukulu kuja kukasewera ayi, zimenezo zimveke. Anapita kukagwira mbala.

Unali mwezi wa Juni, chaka cha 1987, mwera utakwiya masiku asanu osalola bwato lililonse la pa Msumba kukhudza madzi. Usipa umene anaumitsa mphepo isanayambe unkaphwa m'dengu masana aliwonse. Mphaka analibe. Anali ndi mlongo wawo Barnaba, msodzi wa imvi zake ndithu, amene nyanja ikatseka ankasowa mtengo wogwira. Tsiku lachisanulo anamuona akutapa ndi manja awiri n'kuthira m'chipewa, ndiye anamulondola chapatali mpaka pakhonde la sukulu.

Ha, zimene anapeza! Ana anali ataweruka, desiki imodzi itatulutsidwa panja. Panali aphunzitsi Orlando, munthu woonda wochokera kumwera, amene anatumizidwa kuno nkhondo n'kumutsekera njira yobwerera kwawo. Panali Barnaba. Ndiye panalinso Arminda, mpongozi wawo weniweni, mkazi wa mwana wawo Marcos, khanda lake Laura lili kumsana, akuseka mano onse pamtetete.

"Juga!" anakuwa Amayi Yuniya. "Juga ya usipa wanga! Inu make Laura, kumadzi munatsanzika kuja ndi kuno?"

Arminda anagwada pomwepo. Aphunzitsi anaimirira, n'kuyamba kufotokoza m'Chinyanja chawo chopindika kuti si juga, palibe wopata kanthu. Ndi nthano, koma yosewera. Malamulo ake anawakopera m'kadernu, buku lawo lolembamo, kwa mphunzitsi wina wa ku Brazil ali kusukulu ya uphunzitsi. Aliyense amakhala ndi munthu wake m'nthanomo, ndipo woweruza ndi dadu, kathabwa ka mtengo wa phingo ka mbali zisanu ndi imodzi kamene kalipentala wa pamishoni anawasemera n'kukaboola timadontho.

"Nanga usipa wanga ukuchita chiyani m'nthano?"

"Ndi moyo wa anthuwo, amayi. Aliyense ali ndi khumi. Akabayidwa, timachotsako."

"Wochotsedwawo umapita kuti?"

Aphunzitsi anayang'ana kudenga.

"Chimadya chimphona," anatero Barnaba.

"Chimphonacho ndani?"

Milomo ya aphunzitsi inkachita kunyezimira mafuta. Amayi Yuniya anayesa kuumanga mtima, anayesadi, koma phwete linawapulumuka. Anakhala pabenchi, ati kulondera usipa wawo.

Nkhani inali yakuti pamlatho wina panali chimphona, ndipo chimphonacho pa desiki chinali chitsononkho choimika. Kutsidya kwa mlatho kunali chuma. Poyamba aphunzitsi anati ndi golide, koma Barnaba ndi Arminda anakana kufera zinthu zosadya, mpaka golideyo anasanduka matumba a mchere ndi mitanda ya sopo, zinthu zimene Msumba inali itaiwala fungo lake. Masiku awiri chimphona chinali chikuwakuntha. Ankasowa munthu wachitatu.

"Sopo weniweni?" anafunsa Amayi Yuniya.

"Wa m'nthano, amayi."

"Chabwino. Ndipatseni munthuyo."

Anawapatsa kamwala koyera: mwamuna wa mkondo ndi chishango. Atero aphunzitsi, mumutche dzina.

Tsono kwathu kunyanja dzina sitola kutchire. Chinthu chatsopano, mwana kaya bwato, chimatenga dzina la wakwanu kuti dzinalo lisazizire. Barnaba anatcha chitsekero chake cha botolo kuti Barnaba, poopa kuvutika. Arminda anatcha batani lake Glória, dzina la mayi ake. Amayi Yuniya sanaganize n'komwe.

"Marcos."

Cholembera cha aphunzitsi chinaima m'malere. Marcos anali atatengedwa usilikali chaka ndi theka chapitacho, pa boti limene linaima pagombe m'mawa wina, ndipo kalata yake yomaliza inali itatha chaka ndi miyezi iwiri.

"Mwina dzina lina, amayi?"

"Limeneli lalakwa chiyani?"

Arminda anamwetulira chamumtima, nasisita kamwalako ndi chala. Aphunzitsi analemba.

Lamulo loyamba linali lakuti onse aponye dadu kuti adziwe woyamba. Arminda anapeza zisanu ndi chimodzi, Amayi Yuniya zinayi, chimphona zitatu, Barnaba kamodzi kokha.

"Ine kumapeto?" analusa Barnaba. "Ine ndinabadwa chaka cha dzombe, tchalitchi ili lisanafoleredwe kachiwiri!"

Arminda naye anakaniratu kutsogolera apongozi ake. "Ayambe ndi amayi. Ine sindingathe."

"Dadu sadziwa ukulu," anatero aphunzitsi.

"Ndiye kuti dadu wanuyu sanavinidwe," anatero Amayi Yuniya. "Ponyani, make Laura, ndakulolani."

Kuyambira pamenepo, ulendo uliwonse Arminda ankayamba wapinda bondo n'kunena kuti pepani amayi, kenaka n'kulasa chimphona muvi wa m'diso.

Mpata wawo utafika, Amayi Yuniya anakankha kamwala kawo. "Marcos wachibaya pamimba, chafa. Bweretsani sopo."

"Sizitero, amayi. Muponye kaye. Chishango cha chimphona ndi zitatu. Mukaposa zitatu, mwachibaya. Mukatero muponyenso kachiwiri kuti tidziwe kukula kwa bala."

Anaponya. Ziwiri.

"Waphonya."

"Marcos kuphonya? Mwana amene ankalasa kampango ndi mkondo madzi ali m'chifuwa? Patseni ndibwereze!"

"Dadu akagwa, wagwa. Ndipo munthu amachita chinthu chimodzi pa mpata wake."

Anatukwana kathabwako mawu amene sayenera kutuluka pakamwa pa mayi wa bungwe la amayi a kutchalitchi, n'kudzitseka pakamwa mochedwa. Ulendo wotsatira anakauzira mpweya, anakagwedeza m'manja awiri pafupi ndi khutu, n'kukataya.

"Seyishi!" anakuwa aphunzitsi m'Chipwitikizi ataona zisanu ndi chimodzi, kuiwala kuti chimphonacho ndi iwo.

Kuponya kwachiwiri kunabala zisanu. Amayi Yuniya anadzuka, nthungululu ili pakamwa, n'kuzungulira desiki yonse akutyola chiuno ngati wa m'chioda. Anatapa usipa usanu pamulu wa chimphona n'kuutafuna akuyang'ana aphunzitsi m'maso. Ndipamene anaona kuti muluwo ndi waukulu kuposa ya anzawo.

"Inu muli ndi ungati?"

"Makumi awiri. Ndi chimphona."

"Anakupatsani ndani? Achimwene, mukumuona munthuyu? Malamulo alemba yekha, kuwerenga awerenga yekha, kudya adyanso yekha!"

Phokosolo linaitana anthu. Amayi ochokera kumadzi anatula ndowa zawo pamchenga, asodzi osowa chochita anatsamira zipilala za khonde, aliyense ali ndi malangizo ake. Muvi wa Glória unatenga usipa unayi. Chimphona chinakantha Barnaba kamodzi, n'kumudyera utatu. Ulendo unzake aphunzitsi anayang'ana patsogolo pa Barnaba n'kupeza desiki ili mbee.

"Abambo Barnaba, munthu wanu wagwa."

"Wagwa bwanji? Chandimenya kamodzi kokha!"

"Nanga usanu ndi uwiri uja uli kuti?"

Barnaba anasiya kutafuna. Kamchira kanali katatsalira pamlomo.

Khonde lonse linagwa ndi phwete. Mayi wina anachita kukhala pansi n'kumamenya mchenga. Amayi Yuniya misozi inali chuchuchu, akuloza mlongo wawo osatha kutulutsa mawu, mpaka anati, "Wadzidya yekha! Ambuye, nkhondo yonseyi, munthu wadzidya yekha!" Chaka chonse chija anali asanasekepo chotero, ndipo nthiti zinkawawa.

Barnaba atagwa, chimphona chinatembenukira kwa Marcos. Chinaponya zisanu, kuposa chishango cha Marcos cha zitatu, ndipo bala linali la usipa unayi.

"Kakanda chabe!" anatero Amayi Yuniya, n'kubwezera ndi mkondo.

Ulendo wotsatira chimphona chinamupezanso, n'kutenga utatu. Patsogolo pa kamwala koyera panatsala usipa utatu. Chimphona chinali ndi unayi.

Nthawi yomweyo panafika mayi wina wochedwa, mtolo wa chinangwa uli pamutu, akusuzumira pamapewa a anzake. "Kodi kuli chiyani? Akugonja ndani?"

"Marcos," wina anayankha mosaganiza. "Watsala pang'ono kufa."

Mawuwo atamveka panja, ndi pamene anthu anawamva. Kuseka kunazima. Arminda anachotsa dzanja pa desiki n'kugwira phazi la mwana kumsana. Amayi Yuniya anamva mantha enieni, aja ankawadzutsa boti likalira pagombe, atakhala nawo pabenchi pompo.

"Tilekere pano," anatero aphunzitsi, akutseka kadernu. "Kapena timusinthe dzina. N'kamwala chabe, amayi."

"Dzina savula ngati malaya. Ndipo sindimusiya pamlatho usiku wonse ndi chinthu chimenecho."

"Ndiye ndiponyera kuseri kwa dzanja, ine ndekha ndione."

"Kuti mundinamize? Munati dadu akagwa wagwa." Anagogoda pa kadernu ndi chala. "Munatinso munthu amachita chinthu chimodzi pa mpata wake. Chimodzi mwa zingati? Ife chiyambire tikungobaya. Werengani zonse."

Aphunzitsi anatsegula, n'kumatembenuza Chipwitikizicho pang'onopang'ono. Choyamba, kumenya. Chachiwiri, kubisala kuseri kwa chishango. Chachitatu, kutchinjiriza mnzako: ukatero iwe sumenya, koma bala la mnzakoyo limachepa ndi limodzi. Chachinayi, kuthawa.

"Kuthawa kulipo?"

"Kulipo. Koma wothawa amaonetsa msana. Mdani amamumenya kamodzi komaliza, chishango osawerengedwa. Akapirira, wapita, palibe womutsata."

"Ndiye masiku onsewa munakubisiranji?"

"Palibe anafunsa, amayi. Anthu sakonda kuthawa."

"Achemwali, bayani!" analowerera Barnaba. "Chatsala ndi unayi! Mchere uli apo, sopo ali apo. Mwamuna wa mkondo n'kuthawa anthu onsewa akuona? Manyazi ake!"

"Mbewa ya manyazi inafera kuuna, achimwene. Inu khalani chete, munafa kale."

Woyamba anali Arminda, monga dadu wosavinidwa uja analamulira. Ulendo uno sanapinde bondo, sanapepese. Anakankha batani lake mpaka linagunda kamwala koyera.

"Glória salasa. Atchinjiriza Marcos."

Amayi Yuniya anagwira kamwalako n'kukatembenuza, ngakhale kanalibe nkhope kapena msana. "Marcos, taya mkondowo. Thawa, mwana wanga."

Aphunzitsi anatola dadu. Anaponya: zisanu. Chimphona chamupeza. Anatolanso dadu, n'kuyang'ana Amayi Yuniya ngati wopempha kuti amuletse. Sanamuletse. Kathabwako kanagubuduka, kanagunda chitsononkho, n'kuima.

Zitatu.

Wina kumbuyo anati mayo! Barnaba anavula chipewa. Aphunzitsi anangoyang'ana usipa utatu uja, osaukhudza.

"Werengani bwino, aphunzitsi," anatero Amayi Yuniya, mawu ali zii. "Make Laura anatchinjiriza. Zitatu kuchotsa chimodzi."

Anatenga usipa uwiri okha n'kuukankhira kwa chimphona. Umodzi unatsala, kausipa kopindika, kopanda diso limodzi.

Eee, khonde lija likanagwa! Nthungululu zinamveka mpaka kutchalitchi. Ndowa ina inagubuduzika, madzi n'kukhavukira m'miyendo ya anthu, osaona n'komwe. Barnaba ananyamula aphunzitsi m'malere, kuiwala kuti wanyamula chimphona. Arminda ankaseka ndi kulira nthawi imodzi, khanda nalo n'kuyamba lake.

Atawatsitsa pansi, aphunzitsi anakonza malaya n'kufunsa monga lamulo linkafunira: "Marcos wachoka pamlatho. Tsopano akupita kuti?"

"Funso lanji limenelo? Akubwera kwawo. Adzera njira ya kuseri kwa tchalitchi, mkazi wake amutenthetsera madzi. Sopo palibe, asamba choncho."

Anatola kausipa kaja n'kukamanga mfundo kunsonga ya chitenje. Anthu anayamba kubalalika, akukangana ngati akanabaya chikanafa. Amayi Yuniya sanadzuke.

"Aphunzitsi, boti la makalata lichoka liti ku Metangula?"

"Mwera ukaleka, amayi. Mwina Lolemba."

"Ng'ambani pepala m'kadernumo. Mundilembere kalata ya kwa Marcos. Moni pang'ono, kuti Laura wamera mano awiri, kenaka mukopere lamulo lachinayi lija. Mawu onse, osasiyako."

Aphunzitsi anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Amayi, makalata a asilikali amatsegulidwa panjira. Akawerenga mawu amenewo adzati chiyani?"

"Adzati chiyani? Ndi lamulo la masewera." Anawakankhira cholembera. "Lembani. Muwonjezere kuti mkazi wake watchinjiriza kale, mpata ndi wake."