Kompyuta Youma pa Kauntala

"Musazimitse, bwana!" anakuwa Mawaya, wokonza makompyuta, atagwira dzanja la mwini sitolo lomwe linali litafika kale pa soketi.

Kompyuta ya pa kauntala inali itaumanso gwa, makasitomala ali pamzere ndi misomali ndi penti m'manja.

"Ndiye tiziyang'ana ngati tili pamaliro?" anatero mwini sitoloyo. "Wolakwa ndikumudziwa, ndi mlongo wangayu. Amangodinadina zilizonse. Mwezi uno ndi wake womaliza pano."

Mlongoyo, yemwe ankagulitsa pa kauntalapo, anangowerama n'kumapukuta galasi loyera kale.

"Mukaizimitsa imaiwala zonse, n'chifukwa chake ndimabwerera chimanjamanja," anatero Mawaya. "Lero ndiigwetsa dala, kuti isanafe ilembe zonse zimene zili m'mutu mwake."

Anadina mabatani amene anawakonzeratu. Sikirini inachita buluu, manambala n'kuyamba kukwera mwaulesi. Kasitomala wina anatuluka akung'ung'udza.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, bwana."

"Nkhono sigula misomali, iwe!"

Kompyuta itamaliza kulemba, Mawaya anatsegula failo imene inalembayo pa laputopu yake n'kuyamba kulondola mapazi. Mtima wa kompyuta unali utaima njii, kudikira kapulogalamu kena komwe kanagwira khomo osalitaya. Kanali ka kamera. Kamera iti, poti m'sitolomo simunkaoneka kamera? Anatsata waya woonda kuseri kwa shelefu mpaka anakapeza: kadiso kakang'ono pakati pa zitini za penti. Sikanaloze kukhomo kolowera akuba ayi. Kanaloza pamanja a mayi wa pa kauntala uja, mlongo wa mwini sitolo.

Mawaya anamva chisoni. Kunena kukanapulumutsa ntchito ya mayiyo, koma nanga mtima wake?

"Bwana, tabwerani panja pang'ono."

"Nenani pompano, bambo," anatero mayiyo. "Si mlanduwu ndi wanga?"

Mawaya analoza pa zitini za penti. "Simunalakwe kanthu, mayi. Imaumitsa kompyuta ndi kamera iyo."

Mayiyo anatsata chala chake n'kuyang'ana zitinizo nthawi yaitali.

"Achimwene, kayambira liti?"

Achimwene anali kalikiliki kusanja maloko osanjidwa kale.

Mayiyo anakulungira misomali agogo amene anali kutsogolo kwa mzere, n'kuwathokoza mwaulemu. Kenako anavula epuloni, anaipinda bwinobwino, n'kuika makiyi a sitolo pamwamba pake.

Pamene Mawaya ankazula waya wa kamera, kompyuta inali itadzuka kale, ikuyenda ngati yatsopano. Mzere unali udakalipo, koma pampando wa pa kauntala panalibe munthu.