Nyimbo ya Makina a Ba Ennie

Petronella anatulutsa kaseti yachitatu mu wailesi n'kuiponya pampando. Ana asanu ndi mmodzi anangoima pabwalo, atavala madiresi ndi timajekete tawo, akuyang'anizana ngati alakwa.

Panali patapita masiku anayi chiikire m'manda Ba Ennie, mayi ake, telala wa ku Kanyama amene chaka chilichonse ankakonza chionetsero cha zovala za ana kuholo ya tchalitchi. Ankasoka ndi zidutswa za salaula, zovala zovalidwa kale zogula pamsika, poti zaka zimenezo nsalu yatsopano inali yongodyetsa maso. Chionetsero chinali Loweruka, koma nyimbo yoti anawo ayendere Petronella sankaidziwa, chifukwa masana ankakhala ku ntchito m'tauni. Atawaikira kalindula anathamanga ngati awapirikitsa agalu. Rumba inawasokoneza mapazi. Ya kwaya inangoliza kamwana kena.

Ba Whyson, malume ake, anafika akukankha wilibala, chingwe chili paphewa. Chiwachotsereni ntchito ku fakitale, munthuyu ankaona chinthu chilichonse ndi mtengo wake. Ndi iwonso amene pamaliro ananyoza amayi oyandikana nawo kuti ndi akuba, chitenje chabuluu cha Ba Ennie, chimene ankavala pa Pasaka pokha, chitasowa poti awaveke.

"Iwe, pa nyumba ya malilo uliza vinyimbo? Na tsitsi tikalibe kumeta!"

"Amai banalonjeza bana aba, Amalume."

"Bamene banalonjeza bali kumanda. Mashini nitenga lelo, pali munthu aifuna ku maliketi. Vinthu vavuta, unga sitiutola pansi."

Mtima wa Petronella unawira. Makina osokerawo ndiwo anamulera, ndipo sanafune kuwaona akugwedezeka pa wilibala ngati thumba la makala. Anakaima kutsogolo kwake pakhonde, manja m'chiuno.

Kuseri kwa katani, kumene ankavala diresi lake, kunamveka mawu a Exildah, mwana wa Ba Whyson yemwe.

"Ba Petronella, ife sitenze kuyenda na wailesi. Ba Ennie benze kukamba ati mabatire yanadula. Tenze kuyenda na mashini."

Petronella anayang'ana makinawo kwakanthawi. Kenako anakoka mpando, n'kuika mapazi pa chopondera chimene chinasalala ndi zidendene za mayi ake. Anapukusa gudumu ndi dzanja. Taka-taka-taka-taka.

Ana aja anawongoka ngati wina wawaitana mayina. Woyamba anaponya phazi, wachiwiri n'kutsatira, aliyense akafika pa mtengo wa papaya ankatembenuka, dzanja m'chiuno. Palibe anaphonya. Ndipo onse pamodzi ankafuula mawu amene anaphunzitsidwa: "Mutu pamwamba! Mutu pamwamba!"

Misozi inatsika, koma mapazi a Petronella sanaime.

"Nyimbo ni iyi, Amalume. Pa Saturday izalila ku holo. Ngati muifuna mashini, muninyamule na ine wamene pa wilibala yanu."

Ba Whyson anatsegula pakamwa kuti amuzazire. Nthawi yomweyo katani linakanuka, Exildah n'kutuluka womaliza. Diresi lake linali labuluu, la maluwa oyera, losokedwa mosamala mpaka mpendero. Bamboyo anaidziwa nsaluyo. Chitenje chija sichinabedwe. Mlongo wawo anachidula yekha, kuti mwana wa munthu wopanda ntchito asakaoneke wosiyana ndi anzake.

Chingwe chinatsetsereka paphewa n'kugwa pansi. Ba Whyson anakhala pamphepete pa wilibala, manyazi atawagwira, maso ali pa nsapato zawo zong'ambika.

"Ku holo ni patali," anatero motsitsa. "Nizaipeleka ine pa Saturday."

Exildah anayenda motsatira makinawo mpaka pa papaya, anatembenuka, ndipo pobwerera anaima pamaso pa bambo ake. Anaika chala chimodzi pansi pa chibwano chawo, monga Ba Ennie ankachitira ndi mwana aliyense woyang'ana pansi, n'kuchikweza pang'onopang'ono.