Sefa Yomaliza ya Che Twalibu

Ramla anali ndi mphatso yofotokoza zinthu zovuta mpaka zimveke, ndipo mphatsoyo ndi imene inamulanda bambo ake.

Atabwera ku holide kuchokera ku yunivesite ya ku Joni, anawapeza Che Twalibu ataonda, akukhoma masefa pamsika wa Nsanama. Madokotala anali atawapeza ndi khansa ya m'matumbo, n'kuwauza kuti akayambe madiripi ku Blantyre.

"Kodi iwe, ku Joniko umapanga chiyani kwenikweni?" anafunsa bambowo.

Ramla anatola sefa imodzi. Anati amapanga timipira tosaoneka ndi maso, tonyamula mankhwala a khansa m'magazi. Tikachepetsetsa, impso zimatitaya ndi mkodzo. Tikakula, chiwindi chimatigwira panjira. Koma mitsempha ya pa chotupa imakhala ndi timabowo, ndiye timipira tapakatikati timadutsa pamenepo, mankhwala n'kufika pa nthenda penipeni.

Maso a Che Twalibu anawala. Mabowo ndiwo anali ntchito yawo chiyambire.

"Nanga diripi ya ku Blantyre?"

"Imeneyo imafika paliponse, ababa, n'chifukwa chake tsitsi limathothoka. Komabe imathandiza."

Mawu omalizawo anapita ndi mphepo.

"Basi, ndidikira yako."

"Iyayi, ababa! Yathuyo tikungoyesa pa mbewa!"

"Mbewa zomwe anyamata amakupiza pamsewu wa ku Balaka zija? Ndiye mbewa ichire, ine wosaphonya swala kumzikiti nditsale?"

Anaseka mpaka kutsokomola.

Ramla anachonderera mpaka tsiku lobwerera. Mlongo wake Uladi anawakweza bambowo minibasi ya ku Blantyre, koma pa Balaka anatsika ati akukataya madzi, n'kukwera yobwerera kumudzi. Pa foni sankafunsanso za moyo. Funso linali limodzi: "Mama, saizi mwaipeza?"

Mvula itayamba, Ramla ananama. Anati timipira take tafika ku Blantyre, apite msanga. Ulendo uno bambowo sanatsike panjira. Anavala mkanjo wa pa Idi, n'kumauza aliyense m'minibasi za mwana wawo. Madokotala anawapima, anayang'anana, anawapatsa mankhwala opha ululu, n'kuwabweza kunyumba.

Anamwalira m'mawa wina, ndipo monga mwa mwambo wa Chisilamu anaikidwa tsiku lomwelo. Ramla anafika dothi la pamanda litauma kale.

Uladi anamupatsa chinthu chokulungidwa m'chitenje. Inali sefa yaing'ono, ya waya wamaso ang'onoang'ono amene bambowo anachita kuitanitsa ku Limbe, yokhomedwa mosamala kuposa zonse zimene anagulitsapo.

"Anadziwa kuti unawanamiza," anatero Uladi. "Sanakwiye. Anati chikukuchedwetsa ndi chosefera. Akuti uyesere iyi."

Ramla anaitukula kuloza kudzuwa. Mutu wake, wosadziwa maliro, unayamba kale masamu: pa bowo lililonse timipira take tikanadutsa zikwizikwi, tating'ono ndi tatikulu tomwe, popanda kamodzi kotsalira.

"Igwira ntchito?" anafunsa Uladi.

"Igwira," anatero Ramla, n'kuikumbatira pachifuwa.