Ola Limodzi la Alangizi

Bambo anga atapuma pantchito yoyendetsa mabasi n'kulandira penshoni yawo, ndine ndinawakokera ku ofesi ya alangizi a zandalama. Eni nyumba imene tinkachita lendi anali atanena kuti akuigulitsa, ndipo anayamba kufunsa ife. Ndalama zinaperewera pang'ono, ndiye ndinkafuna munthu wodziwa atiuze chochita.

Ofesiyo inali pamwamba pa sitolo ya mankhwala. Mipando yofewa ili mbwee, koma yopanda munthu ndi mmodzi yemwe. Mayi wolandira alendo anatiuza mtengo wa ola limodzi, wolipiriratu usanalowe. Unali wofanana ndi lendi ya mwezi wathunthu.

"Iii, mayi," anatero bambo, "kulipira kuti munthu angoyankhula? Kodi m'kamwa mwake muli golide?"

Anavala chipewa chawo, tinatsika. Ndinawanyengerera njira yonse, koma bambo anga akati ayi, ndi ayi basi.

Alangizi aulere ndiye sanachedwe. Malume anabwera okha kunyumba, atanyamula ndi zakumwa zomwe, ali ndi mkulu wina wa tayi. Akuti kuli kampani yogulitsa mafuta imene ndalama zimaswana pa miyezi yochepa.

"Alamu, ife sitikulipiritsani kanthu," anatero malume. "Nyumba mugula, ndipo ya penti itsala."

"Nanga inuyo mukudyapo chiyani?" ndinafunsa.

Amayi ananditsina. "Iwe, ndi malume ako amenewa."

Bambo anasaina pepala loika penshoni yawo ku kampaniyo patebulo lathu lomwelo.

Miyezi yoyamba phindu linkabweradi, bambo n'kumandiseka kuti ndine Tomasi wokayika uja. Kenako foni ya mkulu wa tayi uja inasiya kupezeka. Tinamva mochedwa kuti malume ankalandira kangachepe pa munthu aliyense amene amubweretsa. Atafunsidwa, analira kutiposa tonse, ati nawonso awabera. Nyumba anagula wina, ife tinapatsidwa notisi.

Bambo anagulitsa wailesi ndi firiji. M'mawa wina anavala jekete, nati ndiwaperekeze ku ofesi ija. Tsiku limenelo mipando inali yodzaza, ena ataima m'makwerero, onse olumidwa ndi kampani yomweyo. Panalibe wodandaula za mtengo.

Tinalipira, tinalowa. Mlangiziyo anali mayi wachikulire, wa magalasi. Anayang'ana pepala limene bambo anasaina, n'kulibweza.

"Pepani bambo, apa palibe chimene chingabwerere. Mukanabwera musanasaine, ndikanakuletsani musanakhale ndi pansi pomwe."

Ine misozi inali italengeza kale. Ndinatenga chikwama changa kuti tizipita. Bambo sanasunthe. Anayang'ana wotchi ya pakhoma.

"Ola langa silinathe, mayi," anatero. "Ndalipira lonse."

Bambo anaika chipewa pamaondo, ndipo tinakhala chete atatufe mpaka olalo linakwana.