Mzere Wina mu Mbiri ya Mayi Flora

"Chotsa mzere umenewo," anatero a Lameck kwa mwana wawo Tusekele asanamalize n'komwe kuwerenga.

Tusekele sanauchotse. Anali atayendetsa galimoto pafupifupi maola atatu kuchokera ku Indianapolis kubwera kwa makolo ake ku South Bend, ndipo chimwalirireni amayi ake, Mayi Flora, Lachiwiri anali asanagone tulo tenitenti. Masana amenewo anakhala patebulo ndi laputopu, akulemba mbiri yoti ikawerengedwe pamaliro Loweruka.

Mzerewo unkaulula zimene anthu a kutchalitchi sankazidziwa. Asanabwere ku America, Mayi Flora anakhala zaka zisanu ndi zinayi ku Joni akuimba nyimbo za m'mafilimu. Pakanema pankaoneka mkazi wina akugwedeza milomo, koma mawu anali awo. Dzina lawo silinalembedwe pa filimu ndi imodzi yomwe. Kuno ankangodziwika kuti ndi mayi wosamalira okalamba, wa mashifiti ataliatali.

"Adadi, mafilimu asanu ndi imodzi. Mayi uja analandira mphoto ndi mawu a amama. Ifenso tiwaike m'manda osanena kanthu?"

"Anasayina pepala kuti sadzaulula."

"Pepala la zaka makumi atatu zapitazo."

A Lameck anavula magalasi n'kutikita m'maso. "Ine ndinawapempha kawiri kuti tiuze anthu. Anakana. Ndiyambe kuwatsutsa lero poti sangayankhe?"

"Ankaopa basi."

"Amayi ako sankaopa munthu. Ndatopa, mwana wanga. Printa zimene ukufuna."

Kenako kunamveka kugogoda. Anali Mayi Belinda, otsogolera nyimbo mu kwaya, amene anthu ankawatama Lamlungu lililonse. Anachokera kuntchito, akadali mu yunifomu ya kuchipatala. Atapepesa maliro ananena kuti abusa awapempha kudzaimba okha kumanda.

"Ndati mumve kaye, bambo, ngati nyimboyi ili imene ankaikonda ija."

Anaima pafupi ndi zenera, chikwama chikadali paphewa, n'kuyamba. Ndime yoyamba inayenda bwino. Atafika pamene nyimbo imakwera, mawu anawathawa. Anapendeketsa mutu kumanzere ngati akumvetsera wina kumbuyo kwawo, n'kudikira. Kunali zii. Anayambanso, ndipo anakakamira pomwepo.

"Pepani," anatero motsitsa mawu. "Pamenepa ankandinyamula ndi iwo."

"Amama?" anafunsa Tusekele.

"Eya. Ankaima kumbuyo kwanga, mbali ino. Ndikayandikira pokwera, iwo ankalowa pang'onopang'ono, moti ngakhale ine sindinkadziwa kuti mawu anga athera pati. Anthu n'kumati Belinda ali ndi mawu. Zaka khumi ndi ziwiri."

"Simunawauzepo kuti abwere kutsogolo?"

"Kangati? Ankangoseka. Amvekere, 'Iwe yang'ana anthu, ine ndikakhala kutsogolo ndimaiwala kupuma. Bola nyimbo ifike.'" Mayi Belinda anapukuta misozi ndi kumbuyo kwa dzanja. "Loweruka sindikudziwa kuti ndidzatani. Mwina abusa apeze wina."

A Lameck anangoyang'ana mwana wawo, kenako pansi.

Tusekele anakhala kanthawi akuyang'ana laputopu ija. Mkwiyo umene anabwera nawo kuchokera ku Indianapolis unali ukadalipo, koma sanadziwenso woti amukwiyire. Anafufuta za mphoto, anafufuta za mayi wa pakanema. Za ku Joni anazisiya m'mawu ochepa: kuti kumeneko ankagwira ntchito yoimba. Anawatembenuzira bambo ake laputopu. Iwo anavalanso magalasi, anawerenga mpaka kumapeto, n'kugwedeza mutu kuvomereza.

Mawu a Tusekele sanali ngati a amayi ake, ndipo anasiya kwaya ali kusekondale. Komabe anakankha mpando, anazungulira tebulo, n'kukaima kumbuyo kwa Mayi Belinda, mbali ya kumanzere.

"Yambaninso, anti," anatero. "Mukafika pokwera paja musaime."